Kulira kwa njinga si mphamvu yake

Sabata yathayi mnyamata wina wa kabaza anafika pa galaja yanga akukankha njinga ya Boxer, nkhope ili yakugwa, ndipo ndisanagwire n'komwe sipanala ndinali nditaona kale gwero la tsoka lake, pakuti pamalo pa ekizozi imene njingayo inabwera nayo panali mpope wamadzi wowongoka, wowotcherera mwachisawawa, wopanda kanthu m'kati mwake. Nditamasula mutu wa injini ndinapeza valavu yotulutsa utsi itanyeka m'mphepete, pulagi itayera mbuu. Chimene chinandiwawa mtima koposa n'chakuti njingayo ili ndi mwini wake, amene amayembekeza ndalama zake dzuwa likamalowa, kaya njinga yayenda kaya sinayende.

"Bambo," anatero mnyamatayo, "anzanga amati sayilensa imatsamwitsa injini, ndipo ukaichotsa njinga imapuma bwino ndi kuthamanga."

Bodza limeneli ndatopa nalo, ndipo ndikupempha owerenga andilole ndilifukule ndi mizu yomwe. Utsi sutuluka mu injini mwakayakaya; umatuluka modumphadumpha, kamodzi pa nthawi iliyonse imene valavu yatseguka, ndipo utsi uliwonse ukamathamanga mu mpope umasiya kumbuyo kwake malo opanda mpweya wokwanira, amene amakoka utsi wotsalira mu silinda. Tsono pali kanthawi kochepa kwambiri pamene mavalavu onse awiri, yolowetsa ndi yotulutsa, amakhala otseguka pamodzi, chimene ife amakaniko timati ovalapu, ndipo pa kanthawi kameneko kukoka kuja kumathandizanso kulowetsa petulo ndi mpweya watsopano. Kuti zimenezi zitheke utsi uyenera kuthamanga, ndipo n'chifukwa chake amisiri opanga njinga anayeza kutalika ndi kukula kwa ekizozi mosamala, molingana ndi injini yake. Mukaikapo mpope waukulu, utsi umachita ulesi, kukoka kumachepa, ndipo njinga imafooka pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye kuti ponyamuka ndi pokwera chitunda, munthu ali kumbuyo ndi thumba lake la chimanga. Kodi si pamenepo pamene wakabaza amapezera nsima yake? Njinga zampikisano zimapinduladi ndi mipope yotseguka, koma zimapindula injini ikafika pa liwiro lake lotsiriza, ndiponso amisiri ake amakhala atakonza zonse kuti zigwirizane.

Anzanga ena a ntchito yathu, pofuna kuletsa anyamata, amawauza kuti injini imafuna kuti utsi uzitsekerezedwa. Amenewanso ndimatsutsana nawo, ngakhale cholinga chawo n'chabwino: kutsekereza sikunapatsepo injini mphamvu, chofunika ndi liwiro la utsi ndi nthawi yake.

Chachiwiri ndi moto. Kabyuleta imasakaniza pafupifupi magawo 15 a mpweya ku gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake, ndipo jeti yake, kabowo kamene petulo amadutsira, anaisankha poganizira ekizozi yoyambirira. Ekizozi ikasintha, kawirikawiri mpweya umachuluka petulo n'kuchepa, ndipo injini imayaka motentha kuposa muyeso wake. Popeza njinga zimenezi zilibe madzi oziziritsa koma zimangodalira mphepo, kutenthako kumathera pa valavu ndi pa pisitoni. Kuphulika kuja kumene anyamata amakondwera nako akabweza mafuta ndi petulo amene akupsera mu mpope, osagwira ntchito iliyonse. Akuluakulu ananena zoona kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Pa njinga zimene zimawotcha petulo pamodzi ndi oyilo, monga Yamaha DT 125 ndi AG 100, nkhani ndi yoopsa koposa, pakuti mimba yotupa ija ya ekizozi ndiyo imabweza petulo amene wathawa ndi utsi kuti alowenso mu silinda. Mmisiri Walter Kaaden wa ku fakitale ya MZ ku East Germany ndiye anakulitsa luso limeneli m'zaka za m'ma 1950. Kudula mimba imeneyo n'kutaya mphamvu ndi petulo pamodzi.

Za makutu sindingazisiye. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibelo 85, umene uli muyeso wa kukula kwa phokoso, munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo 3 okha nthawiyo idulidwe pakati. Wakabaza amakhala pamwamba pa mpope wake kuyambira mbandakucha kufikira usiku, ndipo khutu likagontha chifukwa cha phokoso silibwereranso. Sindinanene za odwala ndi makanda a m'nyumba za m'mbali mwa msewu, kapena za amayi amene amapsa mwendo chifukwa mpope wopanga tokha ulibe chitsulo chotchinga kutentha.

Nanga ekizozi ikabooka ndi dzimbiri, ndalama palibe, munthu atani? Ngati bowo ndi laling'ono, kuikapo chigamba kungathandize kwa kanthawi. Apo ayi, yakale yochotsedwa pa njinga ya mtundu womwewo ndi yabwino kuposa mpope uliwonse. Amene waumirira ndithu kupanga yake, asakulitse mpope kuposa woyambirira, aikemo chochepetsa phokoso, ndipo makaniko aone jeti ndi mtundu wa pulagi njinga ikayenda pang'ono: yofiirira ndiyo yabwino, yoyera ndi chenjezo, ngakhale njinga zimasiyana. Ndipo owotcherera apewe mpope wamadzi wokutidwa ndi zinki, chifukwa utsi wake ukaukoka umadwalitsa, thupi n'kutentha ndi kuphwanya usiku womwewo.