Kusankha Njira ya Ulendo wa Pansi ku Livingstone Kudzera pa Intaneti

Anthu ofuna kuyenda ulendo wa pansi wa tsiku limodzi pafupi ndi mzinda wa Livingstone angathe tsopano kuona njira zake pa foni asanacoke panyumba. Masamba a pa intaneti monga AllTrails ndi Wikiloc amasonkhanitsa mapu a njira zimene anthu ena anayendamo kale, pamodzi ndi zithunzi ndi ndemanga zao.

AllTrails imagawa njira m'magulu monga zosavuta, zapakatikati ndi zovuta. Ambiri amasankha zapakatikati poganiza kuti aliyense wathanzi angazikwanitse. Komabe liu limeneli limangopereka cithunzithunzi cabe. Munthu afunika kuwerenganso zinthu zitatu: kutalika kwa njira, mamita amene adzakwere, ndiponso mwezi umene olemba ndemanga anayendamo.

Citsanzo cabwino ndi njira ya Boiling Pot, ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kucoka m'tauni. Pa mapu imaoneka yaifupi, koma imatsika mamita pafupifupi 100 kulowa m'phompho kukafika pamene madzi a Zambezi amazungulira ngati mphika wowira, moyang'anana ndi mlatho womangidwa mu 1905. Kutsika sikuvuta kwenikweni. Nchito ili pobwerera, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa limaswa mtengo. Okalamba ndi odwala mtima kapena mawondo ayenera kulingalira bwino za citunda cimeneci.

Nyengo nayo imasintha njira. Mu Epulo ndi Meyi, madzi akaculuka, nthunzi ya mathithi imagwa ngati mvula pa mlatho wa Knife Edge, ndipo pansi pamaterera. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Eastern Cataract imatsala pang'ono kuuma. Motero ndemanga yolembedwa m'cilimwe singamuuze munthu zimene adzakumane nazo madzi atadzaza.

Cina cofunika kusamala ndi malire. Munthu akalemba dzina lakuti Victoria Falls pofufuza, pamabweranso njira za tsidya la Zimbabwe, kumene kuli tauni ya dzina lomwelo. Kukafika kumeneko kumafuna mapepala odutsira pa cipata ca malire, conco ndi bwino kuyang'anitsitsa pa mapu kuti njirayo ili mbali iti ya mtsinje.

Palinso nkhani ya lamulo. Njira zambiri pa masamba amenewa zimaikidwa ndi oyenda wamba, ndipo kupezeka kwa mzere pa mapu si cilolezo. Malo a mathithi, amene UNESCO inawalemba pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 1989, amayang'aniridwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo polowa amalipiritsa; nzika za Zambia zimalipira ndalama zocepa poyerekeza ndi alendo akunja. Mbali ya paki imene muli zipembere ndi njati ili m'manja mwa dipatimenti yoona za nyama zakuthengo, ndipo kuyendamo pansi kumaloledwa pokhapo pali mlonda wonyamula mfuti. Njovu nazo zimadutsa mseu wa ku mathithi, makamaka nyengo yopanda mvula, pomwe anyani a ku Boiling Pot anazolowera kulanda cakudya m'manja mwa alendo. Zonsezi siziwerengedwa pamene njira ikuchedwa yapakatikati.

Woyenda wanzeru amasunga mapu m'foni akali m'tauni, popeza netiweki ingasowe m'phompho. Amanyamuka m'mamawa, amatenga madzi okwanira ndi nsapato zosaterera, ndipo amauza wacibale kumene wapita ndi nthawi yobwerera. Akafika pa cipata, amafunsa ogwira nchito ngati njira imene wasankha ndi yotseguka tsikulo, pakuti wafunsa cabe sasocera.