Ku China mwana adziwe dziko lonse, koma asaiwale kwawo

Tangoganizani mwana wa sekondale atatchena suti, ataima pamaso pa anzake n'kumayankhula m'malo mwa dziko la Brazil pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Mnzake, yemwe akuimira dziko la Kenya, akumutsutsa. Onsewa ndi Matchaina, ndipo mwina sadatulukeko m'dziko lawo chibadwire.

Zoterezi zimachitika m'sukulu zambiri za m'mizinda ikuluikulu monga Beijing ndi Shanghai. Anawa amayerekeza msonkhano wa bungwe la United Nations. Aliyense amapatsidwa dziko loti aliimire, amafufuza mavuto a dzikolo, kenaka n'kukambirana ndi anzake mpaka atamanga mfundo imodzi.

Cholinga chake n'chakuti mwana adziwe kuti mliri, nkhondo, chilala ndi utsi wa m'mafakitale sizidziwa malire a dziko.

Ganizo limeneli si la ku China kokha. Mu 2012 yemwe adali mlembi wamkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon, adaika kuphunzitsa ana kukhala nzika za dziko lonse pakati pa mfundo zitatu zikuluzikulu za maphunziro. Mu 2015 maiko, kuphatikizapo Malawi, adalonjeza kuti pofika 2030 ophunzira onse azilandira maphunziro otere.

Koma China ili ndi kachitidwe kakekake. M'malo monena za unzika wa dziko lonse, zikalata za boma zimakonda kunena za kumvetsa maiko ena. Mawuwa ali m'ndondomeko ya maphunziro ya 2010 mpaka 2020. Alinso pa mndandanda wa maluso ofunika kwa wophunzira aliyense, womwe udatuluka mu 2016 motsogozedwa ndi akatswiri a pa Beijing Normal University.

Pa mndandandawo, kumvetsa maiko ena kudaikidwa pamodzi ndi kunyadira kuti ndiwe Mtchaina. Apa mpomwe pagona nkhani: mwana aone kutali, koma mapazi akhale kwawo.

M'zaka zaposachedwa mbali ya kukonda dziko lako ndiyo yakula mphamvu. Mu 2020 boma lidaletsa mabuku ophunzirira ochokera kunja m'zaka 9 zoyambirira za sukulu, zomwe mwana aliyense amakakamizidwa kuphunzira. Mu 2021 maganizo a mtsogoleri wa dzikolo, a Xi Jinping, adalowa m'silabasi kuyambira ku pulaimale. Pa 1 January 2024 padayamba kugwira ntchito lamulo la maphunziro a kukonda dziko.

Ena amati palibe cholakwika, pakuti mtengo wopanda mizu suchedwa kugwa. Koma ena amafunsa kuti mwana angamvetse bwanji maganizo a anthu akunja pamene masamba a pa intaneti monga Facebook, YouTube ndi Google ndi otsekedwa m'dzikolo.

Vuto lina ndi mayeso. Chaka chilichonse mu June ana omaliza sekondale amalemba mayeso otchedwa gaokao, omwe ndiwo khomo lolowera ku yunivesite. Mu 2024 anthu 13.42 miliyoni ndiwo adalembetsa mayesowa. Aliyense amayenera kulemba Chitchaina, masamu ndi chiyankhulo chimodzi chakunja, chomwe kwa ambiri ndi Chingerezi.

Kumvetsa maiko ena kulibe pepala lakelake. Kumaphunzitsidwa mkati mwa jogalafe, mbiri yakale, ndale ndi Chingerezi, kapena m'makalabu. Ndiye mayeso akayandikira, mphunzitsi ndi kholo amadziwa chomwe chiyambe kuikidwa pambali. Paja akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Palinso kusiyana pakati pa tauni ndi kumudzi. Mwana wa ku Shanghai akhoza kuphunzitsidwa ndi mphunzitsi wochokera kunja, mwinanso kupita kukacheza ku sukulu ya dziko lina. Mnzake wa kumidzi ya m'zigawo zosauka monga Gansu ndi Guizhou, yemwe mwina akuleredwa ndi agogo pamene makolo ali kuntchito m'tauni, dziko lakunja amalionera m'buku ndi pa foni.

Komabe onse awiriwa adzakumana ndi dziko limenelo. China imagulitsa katundu wambiri kunja kuposa dziko lina lililonse, ndipo ena mwa ana ali m'kalasi lerowa ndiwo mawa adzakhale mainjiniya, madotolo ndi amalonda m'maiko a eni, kuno ku Africa komwe. Mmene azidzakhalira ndi anthu omwe adzawapeze kumeneko, zikuyambira pa zomwe akuphunzira lero.