Kaodzera: Matenda Obisala Kumbuyo kwa Malungo ku Rufunsa

Munthu akabwera kucokera kuthengo thupi likutentha ndipo mutu ukuwawa, a pabanja amafulumira kunena kuti ndi malungo. Kawirikawiri amakhala atalasa. Koma m'boma la Rufunsa, m'maiko a Mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, muli matenda ena amene amayamba monga malungo, koma mankhwala a malungo sawagwira. Matendawa ndi kaodzera.

Kaodzera amadza ndi kashembe, nchenche yoluma ya m'nkhalango. Tizirombo take timakhala m'magazi a nyama monga mbawala ndi njiri, ndipo kashembe akayamwa magazi a nyamazi natembenukira kwa munthu, amamsiyira tiziromboto. Boma la Rufunsa lili pakati pa nkhalango ya Lower Zambezi kumwera ndi cigwa ca Luano kumpoto, kumene nyama ndi kashembe zakhala kuyambira kale. Ndiponso mtundu wa kaodzera wopezeka kuno unadziwika koyamba mu 1910, m'magazi a munthu amene anautenga m'cigwa ca Luangwa.

Amene ali pangozi kwambiri ndi otentha makala, ofula uci, asodzi, okumba golide ndi alimi olima m'mphepete mwa thengo. Pamene kashembe waluma nthawi zina pamatuluka cotupa cowawa. Pambuyo pace thupi limatentha, mutu ndi mfundo zimawawa. Tizirombo tikafika ku ubongo, wodwala amagona usana nakhala maso usiku, amalankhula zosamveka, ndipo khalidwe lace limasintha. Apa mpamene mabanja ena amaganiza za ufiti kapena mizimu, nayamba kuyenda kwa asing'anga. Masiku otayika moterewa ndiwo amatengetsa moyo, pakuti kaodzera wa kuno amapha m'masabata kapena miyezi yowerengeka ngati sanacizidwe.

Phunziro lalikulu limene a zaumoyo amapereka ndi ili: kacipangizo koyesera malungo pa cala sikaona kaodzera. Tizirombo take timaoneka pokhapokha magazi atayang'anidwa pa makina okuza zinthu, monga amacitira pa cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya. Cotero munthu amene wamwa mankhwala a malungo koma osapeza bwino, kapena amene wauzidwa kuti alibe malungo pamene thupi likutenthabe, ayenera kubwerera kucipatala msanga ndi kuulula kuti anali kuthengo. Ena amabisa cifukwa coopa kufunsidwa za makala kapena nyama. Koma akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nchito ya sing'anga wa kucipatala ndi kuciritsa, ndipo mau amodzi akuti kashembe angamuonetse poyambira.

Mankhwala a kaodzera amaperekedwa mwaulere kudzera m'bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO. Kwa zaka zambiri, wodwala amene matenda anamfika ku ubongo anali kubayidwa melarsoprol, mankhwala aukali amene ena anali kufa nawo. Mu 2024 bungweli linavomereza mapiritsi a fexinidazole, omwedwa ndi cakudya kwa masiku 10, atayesedwa pa odwala ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Uganda.

Katemera wa kaodzera kulibe, ndiye cifukwa cace kudziteteza kuli m'manja mwa anthu eni. Kashembe amaluma usana, ndipo amakopeka ndi nsalu zakuda ndi za buluu. Wopita kuthengo avale zovala zokhuthala zofika m'manja ndi m'miyendo, za mtundu wotuwa. Nsalu zamankhwala zimene a zoweta amaika m'thengo kuti ziphe kashembe zisacotsedwe, pakuti zimateteza anthu pamodzi ndi ng'ombe zao.

Nduna za midzi, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mbali yao. Uthenga uwu ukamveka pa bwalo, pa sukulu ndi pa cigayo, banja silidzadikira kuti wodwala ayambe kuodzera lisanafune galimoto yopita ku Mpanshya.