Achoke! Koma achoke ndani?

Timu ya mu Super League ikagonja masewero atatu motsatizana, simufunika kudikira nyuzipepala kuti mudziwe chimene chikubwera. Woyimbira asanaimbe n'komwe wezulo yomaliza, kumbali ya masapota kumayamba kumveka mawu amodzi: achoke! Lolemba m'mawa nkhaniyo yafika kale pa wailesi, oyimba foni akulandizana kuchokera ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, aliyense ali ndi dzina la munthu amene angaikonze timuyo. Pofika Lachitatu akuluakulu atulutsa kalata yoti kochi "wapumitsidwa kaye" ndipo wachiwiri wake agwirizira udindo. Tonse timadziwa kuti wopumitsidwa kaye sabwereranso.

Azungu nawonso amakuwa, ndipo amakuwa mowononga ndalama. Mu Malichi 2017, Arsenal ikusewera kwawo kwa West Bromwich Albion, masapota ena anachita kulipira ndege kuti idutse pamwamba pa bwalo ikukoka nsalu yonena kuti kochi Arsène Wenger asapatsidwenso kontirakiti. Posakhalitsa inadutsanso ndege ina, yolipiridwa ndi omukonda, yonena zosiyana. Mpirawo Arsenal inagonja 3-1. Nanga chinachitika n'chiyani? Patatha miyezi iwiri Wenger anatenga chikho cha FA, n'kusainira zaka zina ziwiri. Anadzachoka mu 2018 atakhala pa mpandowo zaka pafupifupi 22. Mwini timu, Stan Kroenke, amakhala ku America, ndipo phokoso la ku London limamupeza litazizira.

Sapota wa kuno safuna ndege. Amadziwa kumene timu imachitira zokonzekera, ndipo malo ambiri otere alibe mpanda woti n'kumuletsa. Amadziwa kumene kochi amakhala, kumene amapemphera, msika umene amagula ndiwo. Nkhani za masapota opita ku tireni kukauza kochi kuti lero musakhudze mpira pano si zachilendo kwa aliyense wotsatira ligi yathu. Apa pokha kusiyana kwayamba kale kuoneka: ku England sapota ndi kasitomala wokwiya, kuno ndi munthu woti akhoza kukuimirira pakhomo.

Mphamvu imeneyi ili ndi kumene inachokera. Kwa zaka zambiri Bullets ndi Wanderers anali matimu a anthu m'lingaliro lenileni. Komiti yoyendetsa timu inkasankhidwa pa msonkhano, ndipo amene anali ndi masapota kumbuyo kwake ndiye ankapambana. Komiti ya masapota inali ndi wapampando wake, wolankhula pa wailesi ngati mkulu wa timu. Masapota omwewo ankaima pa zipata tsiku la mpira, ndipo pa ndalama za pakhomo panali kagawo kawo. Ndiye timu ikamagonja, anthu n'kusiya kubwera ku Kamuzu Stadium, si mtima wokha umene unkapweteka, thumba nalonso linkamva. Mlembi kapena wapampando wofuna kusankhidwanso akanatani ataona gulu likuwira? Pa anthu onse a pa timu, wosavuta kupereka nsembe ndi kochi. Osewera ndi ambiri, simungawachotse onse pakati pa sizoni. Komiti singadzichotse yokha. Akuti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma pa mpira wathu nkhonya zimagwera mutu umene si waukulu kwenikweni.

Anzathu a ku South Africa ali pakatikati. Matimu awo ali ndi eni ake enieni, monga banja la a Motaung ku Kaizer Chiefs, koma masapota akapsa mtima zimaoneka. Mu Epulo 2018 Chiefs itagonja 2-0 ndi Free State Stars mu semifainolo ya Nedbank Cup, gulu linathyola mpanda wa Moses Mabhida ku Durban, kuphwanya makamera a kanema, kumenya alonda, kuyatsa moto m'mipando. Kochi Steve Komphela anatula pansi udindo usiku womwewo. Chiefs inasinthasintha makochi pambuyo pake, koma chikho chachikulu inadzachiona mu 2025, patatha zaka khumi chitengereni ligi mu 2015.

Tisanawatamande Angerezi kuti ndi odekha, tione bwino. Kumeneko amene alibe chifundo ndi eni matimu, ndipo nthawi zina amachita zimene ngakhale sapota wa ku Ndirande sangazivomereze. Claudio Ranieri anatenga ligi ndi Leicester City mu 2016, chinthu chimene palibe ankachilota. Pofika Febuluwale 2017 anali atachotsedwa. Roberto Di Matteo anapatsa Chelsea chikho cha Champions League choyamba mu Meyi 2012, mu Novembala chaka chomwecho Roman Abramovich anamutsanzika. Louis van Gaal anachotsedwa ku Manchester United patangopita masiku awiri atanyamula chikho cha FA. Ange Postecoglou anathetsa chilala cha zaka 17 ku Tottenham potenga Europa League mu 2025, koma poti mu ligi anathera pa nambala 17, sanaone mwezi wa Julaye. Gwero la nkhanza zimenezi ndi ndalama za kanema. Timu yothera kumchira mu Premier League imalandirabe mapaundi opitirira 100 miliyoni pa sizoni, choncho kutuluka mu ligi, kapena kuphonya Champions League, ndi kugwa kwa bizinesi. Mwini timu amawerengera, n'kuona kuti kulipira kochi kuti azipita n'kotchipa kusiyana ndi kudikira.

Mawu oti kulipira ndiwo ofunika pamenepa. José Mourinho ndi omuthandiza ake atachotsedwa ku United mu Disembala 2018, timuyo inalemba m'mabuku ake kuti zinaidyera mapaundi 19.6 miliyoni. Kochi wotere amapita kukapuma kunyanja, kenako mumamuona pa kanema akuunikira mpira wa anzake. Wathu amachoka ali ndi malipiro a miyezi ingapo amene sanalandire, ndipo mwina kontirakiti yake inali ya pakamwa. Wolimba mtima amapita ku khothi la za ntchito, monga anachitira Meke Mwase atachotsedwa ku Flames, ndipo mlanduwo anapambana. Ambiri amangokhala chete podziwa kuti dziko ndi laling'ono: amene wamusumira lero ndi yemwe adzakulembe ntchito mawa. Poti makochi okhala ndi mapepala a CAF ofunikira mu Super League si ochuluka, mayina omwewo amangozungulira, wothamangitsidwa ku Lilongwe mu Meyi mumamupeza pa benchi ku Mzuzu mu Ogasiti.

Chimene chimandivuta ine ndi mlandu umene timamuzenga munthuyu. Timu ya ku Karonga ikamabwera ku Blantyre imayenda makilomita oposa 800 pa basi, nthawi zina n'kufika usiku woti mawa lake mpira. Pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta, matimu akhala akusewera mipira iwiri pa ulendo umodzi. Anyamata ena amalowa m'bwalo asanalandire malipiro, bonasi ya mpira umene anapambana mwezi watha ikadali lonjezo. Bwalo lake mpira umadumpha mmene ukufunira. Wosewera wabwino akangoonekera, matimu a ndalama amutenga, kapena wapita ku Mozambique, ku Zambia, ku Tanzania. Ndiye timu yagonja 1-0, ife n'kumati kochi sadziwa kusintha osewera. Mwina sadziwadi. Koma pa mavuto onsewa, ndi liti limene iye angalikonze ndi wezulo ndi makoni a pa tireni? Pa mapologalamu oyimba foni aja, n'kawirikawiri kumva munthu akufunsa chifukwa chake wakutiwakuti anayambira panja, koma wofunsa kuti anyamata analandira liti komaliza ndi wosowa. Zikavuta kwambiri timathawira ku zikhulupiriro: timu yatsekedwa, wina wakwirira kanthu pagolo, adokotala a timu ayenera kusinthidwa.

Masapota a Manchester United anaphunzira mochedwa kuyang'ana m'mwamba. Alex Ferguson, amene anafika mu 1986 n'kukhala mpaka 1990 wopanda chikho, masapota ena atanyamula kale nsalu zomutsanzika, anachoka mu 2013 atatenga ligi ka 13. Kuchokera pamenepo pabwera David Moyes, Van Gaal, Mourinho, Ole Gunnar Solskjær, Erik ten Hag ndi ena, aliyense ndi nzeru zake. Makochi otchuka chonchi akamalephera motsatizana pa malo amodzi, munthu umayamba kukayikira malowo. N'chifukwa chake mkwiyo waukulu ku Old Trafford umalunjika ku banja la a Glazer, amene anagula timuyo mu 2005 ndi ngongole imene anaisenzetsa timu yomweyo. Mu Meyi 2021 masapota analowa m'bwalo mpira wa Liverpool usanayambe mpaka unalephereka, ndipo nsalu zawo sizinkatchula kochi.

Ku Germany ndiye nkhani ina. Lamulo lawo la 50+1 limati mamembala a kalabu azikhala ndi mavoti ochuluka kuposa wamalonda aliyense woikamo ndalama, kupatula matimu ochepa a makampani monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg. Wina angaganize kuti timu ya mamembala ndiye izithamangitsa kochi mwezi ndi mwezi. Koma taonani Freiburg: Christian Streich anatenga timuyo kumapeto kwa 2011, mu 2015 inatuluka mu Bundesliga, iye sanachotsedwe, chaka chotsatira anaibwezeretsa, ndipo anadzachoka yekha mu 2024. Mainz nayo inagwa ndi Jürgen Klopp mu 2007 osamutaya. Sikuti Ajeremani onse ndi oleza mtima, Schalke ndi Hamburg zadya makochi osawerengeka ndipo zotsatira zake zimadziwika. Koma kumene zikuyenda, membala amalipira ndalama ya umembala chaka chilichonse, amamva malipoti a chuma pa msonkhano, amavotera atsogoleri, ndipo za kochi amasiyira amene anawasankha.

Kwathu amene amatchulidwa tikamakamba za kukhalitsa ndi Kalisto Pasuwa. Anabwera ku Bullets chakumapeto kwa sizoni ya 2018, atatenga kale ligi ya ku Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos, ndipo Maule anakhala akatswiri kasanu motsatizana kufikira 2023, chaka chimene anasesa ligi pamodzi ndi zikho za FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel. Komatu tisanamizane kuti uku kunali kudekha kwa masapota. Munthu wopambana chaka chilichonse safuna kumudekhera. Chimene chinasintha ku Bullets ndi choti timu inali m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, malipiro akubwera, timu ya achisodzera ikutulutsa anyamata, ndipo wolemba kochi ntchito sankadikira voti ya pa msonkhano. Silver Strikers itangotenga ligi mu 2024 pansi pa Peter Mponda, manong'onong'o oti Pasuwa nzeru zamuthera anayamba kumveka, ngati kuti zaka zisanu zija zinali maloto. Wanderers, imene inadikira kuchokera 2006 mpaka 2017 kuti ilawenso ligi, pa nthawi ya Pasuwa yomweyo inayesa makochi angapo, a kuno ndi akunja, Mngerezi Mark Harrison ali m'gulumo.

Za akunjazi tili nacho chizolowezi chathuchathu. Timakhulupirira kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo timam'patsa malipiro, nyumba ndi galimoto zimene mwana wa kuno sangazione. Mwase ndiye anapititsa Flames ku AFCON ya ku Cameroon, koma kutatsala milungu yochepa FAM inaika Mario Marinica wa ku Romania pamwamba pake. Marinica atadwala Covid-19, ndi Mwase amene anali pa benchi tsiku limene tinakwapula Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, chipambano chimene chinatitsegulira njira yokakumana ndi Morocco mu ndime yachiwiri. Patatha miyezi yochepa ntchito inam'thera. Kinnah Phiri, amene anatipititsa ku Angola mu 2010 n'kukaswa Algeria 3-0, nayenso anachoka mu 2013 anthu akukuwa. Ku England mkangano wa wakwathu ndi wobwera unazirala kalekale, moti chiyambireni Premier League mu 1992 mpaka 2025 panalibe kochi Wachingerezi amene anaitenga.

Nthawi zina kuchotsa kumathandizadi, ndipo wokana zimenezi sanaonere AFCON ya ku Côte d'Ivoire. Eni bwalo atathidzimulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea mu Januwale 2024, anachotsa Jean-Louis Gasset mpikisano uli mkati, wachiwiri wake Emerse Faé n'kukatenga chikho. Koma Faé anapeza osewera a m'maligi akuluakulu a ku Ulaya, mabwalo atsopano ndi ndalama za boma. Wogwirizira udindo ku timu ya kumchira kwa Super League amapeza basi yomweyo ndi ngongole zomwezo. Matimu a asilikali ndi apolisi, monga Kamuzu Barracks imene inatenga ligi mu 2016, Moyale kapena Blue Eagles, ali ndi njira yawoyawo: kochi kawirikawiri amakhala wa yunifolomu, zikavuta amangobwezedwa ku ntchito ina, malipiro ake osakhudzidwa, ndipo palibe sapota amene angakalowe ku balaki kukatseka tireni.

Chodabwitsa n'choti sapota wathu amadziwa kudekha akafuna. Mikel Arteta atathera pa nambala 8 ndi Arsenal sizoni ziwiri zotsatizana, m'mavidiyo shoo a ku Bangwe ndi ku Mchesi munali anthu omuikira kumbuyo ndi mtima wonse, akufotokoza za timu yachinyamata imene ikumangidwa ndi osewera okalamba amene ayenera kugulitsidwa kaye. Munthu yemweyo Loweruka masana ali ku sitediyamu akutukwana kochi amene wakhala pa ntchito milungu isanu ndi umodzi. Za Arsenal amadziwa mitengo ya osewera ndi kutalika kwa makontirakiti awo, poti zimalembedwa poyera. Za timu yake ya kuno, ndalama zimene zinalowa pa chipata sabata yatha amangomva mphekesera.

Pakali pano matimu athu akuluakulu asanduka makampani, Bullets pansi pa a Nyasa, Wanderers motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira, ndipo Silver inali kale ya Reserve Bank. Malipiro akubwera bwino kuposa kale ndipo zipata zikuchoka m'manja mwa masapota. Njira imene tatenga ndi ya ku England, osati ya ku Freiburg. Voti imene membala wa ku Germany amaisamala, masapota a Maule ndi a Nyerere anali nayo m'manja zaka zambiri. Yambiri inathera pa kuthamangitsa makochi ndi kulimbirana zipata, ndipo lero zosankha zikuchitikira m'chipinda cha bodi, kumene sapota saitanidwa.