Geoffrey wa ku Anjou ndi Banja Lake

Kalekale ku France kunali mfumu, koma chigawo chilichonse chinali ndi bwana wake. Bwanayo ankakhala m'linga. Anali ndi asilikali okwera pa akavalo. Alimi ankamulimira minda ndi kumupatsa gawo la zokolola zawo.

Mmodzi wa mabwana amenewa anali Geoffrey, mwini chigawo cha Anjou. Anabadwa m'chaka cha 1113. Bambo ake anali Fulk.

Tiyeni tione mmene Geoffrey anakwatirira.

Kumpoto kwa Anjou kunali chigawo cha Normandy. Mwini wake anali Henry, amenenso anali mfumu ya England. Anjou ndi Normandy ankamenyana kawirikawiri. Mu 1120 chombo chinasweka panyanja, ndipo mwana wa Henry amene anayenera kulowa ufumu anamira. Wolowa m'malo anatsala mmodzi, mwana wamkazi dzina lake Matilda. Henry anaganiza zomukwatitsa ku Anjou kuti adani aja asanduke abale.

Ukwati unachitikira mumzinda wa Le Mans mu 1128. Geoffrey anali ndi zaka 14. Matilda anali ndi zaka 26, ndipo anali wamasiye wa mfumu yaikulu ya ku Germany. Awiriwa sanafunsirane. Anapangana ndi makolo, ndipo chimene makolowo ankafuna ndi dziko. N'zosadabwitsa kuti banjalo linagwedezeka msanga. Patangopita chaka, Matilda anabwerera kwa bambo ake. Anabwereranso kwa mwamuna wake mu 1131.

Panthawiyi Geoffrey anali atatsala yekha. Mu 1129 Fulk anapita ku Jerusalem kukakwatira Melisende, mwana wa mfumu ya kumeneko. Anjou yense anamusiya m'manja mwa mnyamatayo.

Geoffrey ndi Matilda anabereka ana aamuna atatu: Henry mu 1133, Geoffrey mu 1134 ndi William mu 1136.

Mfumu Henry inamwalira mu 1135. Ufumu wa England anautenga ndi Stephen, mwana wa mlongo wa mfumuyo. Kwa ife Achewa, mwana wa mlongo kulowa ufumu wa malume ake si chachilendo. Koma kumeneko akuluakulu anali atalumbira kale kuti adzamvera Matilda. Nkhondo inabuka.

Matilda anawoloka nyanja mu 1139 kukamenyera ufumu ku England. Geoffrey sanamutsatire. Maso ake anali pa Normandy. Anamenya nkhondo kumeneko zaka zambiri, kulanda malinga limodzilimodzi, mpaka analowa mumzinda wa Rouen mu 1144. Mkangano unali wa pabanja, koma midzi imene inkatenthedwa inali ya alimi. Asilikali ankawalanda ziweto ndi chakudya.

Kwawo ku Anjou nakonso kunalibe mtendere. Mng'ono wake, Elias, ankafuna chigawo cha Maine, ndipo anamuukira. Geoffrey anamugwira n'kumutsekera m'ndende.

Mu 1151 Geoffrey anadwala mwadzidzidzi, thupi linatentha, ndipo anamwalira ali ndi zaka 38. Anamuika m'tchalitchi chachikulu cha ku Le Mans.

Mwana wake woyamba, Henry, anakhala mfumu ya England mu 1154. Banja lawo linadzatchuka ndi dzina lakuti Plantagenet. Akuti dzinali linachokera ku chomera cha maluwa achikasu chimene Geoffrey ankasomeka pachipewa. Koma Henry atangolowa ufumu, mng'ono wake anayamba kulimbirana naye Anjou, ndipo mu 1156 abale awiriwa anamenyana nkhondo.