KUYESA ZIDA ZA NKHONDO NDI MASAMU

Mai akafuna kudziwa ngati mcere wakolera m'ndiwo samaliza mphika wonse ai. Avundula, natapa pang'ono ndi cipande, nalawa. Anthu a ku migodi aidziwa bwino nzeru imeneyi, pakuti ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Luanshya aona anzao alikugumula timiyala pa thanthwe ndi kutiika m'timatumba, kuti akatswiri akatipime nadziwe kucuruka kwa mkuwa m'mwala wonse. Timiyala tocepa tinenera phiri lathunthu.

Koma ziripo zinthu zina zobvuta kuyesa, cifukwa kuciyesa ndi kuciononga komwe. Ndodo ya macesi idziwika kuti njabwino itayaka, ndipo ikayaka yatha nchito. Cipolopolo ndi bomba ziri cimodzimodzi. Boma likayesa zonse lidzatsala m'manja muli gwa. Likapanda kuyesa lidzatuma ana a eni kunkhondo ndi zida zosadziwika. Tsono mafunso ali awiri: cida ciyesedwe kangati? Ndipo kodi mayesowo afanana ndi zimene cidaco cidzakumana nazo tsiku la nkhondo? Nkhani ya dziko la America pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ionetsa zimene zicitika akuru akapeputsa mafunso awa.

Masitima a nkhondo oyenda pansi pa madzi amenya adani ao ndi bomba lochedwa torpedo. Ndi lalitali ngati nsomba, liri ndi injini yaceyace, ndipo likaponyedwa lisambira lokha kufikira ligunda sitima ya adani. La Aamerika, dzina lace Mark 14, linali mapazi 20 ndi theka m'litali, mainci 21 m'mimba mwace, ndipo mtengo wa limodzi unali ngati madola 10,000. M'mutu mwace munali kacipangizo kacinsinsi kamene kanayenera kumva maginito a citsulo ca sitima, kuti bomba liphulike liri pansi pa mimba ya sitimayo ndi kuithyola msana.

Kacipangizo aka kanayesedwa ndi wonga weniweni kawiri kokha, mu May 1926, pa sitima yakale yotha nchito. Bomba loyamba linapita pansi osaphulika, laciwiri linaphulika ndi kumiza sitima. Akuru anakondwera ndi laciwirilo naiwala loyamba. M'zaka zotsatira anaponya mabomba ambiri oyesera, koma cifukwa ca kuumira ndarama anali kucotsa mutu wa wonga ndi kuikapo mutu wa madzi, kuti bomba likatha ulendo wace liyandame alitole. Pofika December 1941, pamene nkhondo ndi Japan inabuka, panalibe munthu mmodzi amene anaonapo Mark 14 lirikuphulika pa sitima.

Eni masitima anayamba kubwerako ndi madandaulo. Anati tilikulunjika bwino, mzere wa thobvu uoneka ulikupita pa sitima ya adani, koma palibe cicitika. Opanga mabomba ku Newport, m'cigawo ca Rhode Island, anayankha kuti bomba liribe cirema, olakwa ndi oponya. Wina anena zimene anaona ndi maso, wina anena zimene zinalembedwa m'buku, ndipo mlandu wotere sutha ndi pakamwa. Mu June 1942 mkuru wa masitimawo ku Australia, Charles Lockwood, anacita cinthu capafupi kwambiri. Anapeza ukonde waukuru wa asodzi, naukunga m'nyanja pa Frenchman Bay pafupi ndi Albany, nalamula kuti aponye mabomba pa ukondewo. Pouvuula anapima pamene panabooka. Bomba limene analichera kuti liyende mapazi 10 pansi pa madzi linaboola pa mapazi 25. Pophatikiza mayeso onse kunaoneka kuti mabomba anali kumira mapazi ngati 11 kupitirira muyeso, ndiye kuti anali kungodutsa kunsi kwa adani.

Nanga bwanji mayeso a zaka zonse zija sanaulule ici? Mutu wa madzi unali wopepuka kuposa mutu wa wonga. Kabowo komvera kuzama kwa madzi kanaikidwa ca kumcira, kumene madzi othamanga sakanikiza kwambiri, ndipo bomba linali kuyesa kuti likali pamwamba, nilimirabe. Coipa koposa, cipangizo colembera kuzama pa nthawi ya mayeso naco cinali kunama, kotero kuti mboni ndi wopalamula anagwirizana.

Atakonza ici kunaturuka cirema caciwiri cimene cinabisala kuseri kwa coyamba: kacipangizo ka maginito kaja kanali kuphulitsa bomba lisanafike. Pakati pa caka ca 1943 analamula kuti akatseke, bomba lizidalira kugunda kokha. Pomwepo caciwiri cinaulula cacitatu. Pa 24 July 1943 sitima yochedwa Tinosa inapeza combo cacikuru ca Ajapani conyamula mafuta, Tonan Maru No. 3, nicipundula kuti cisayende. Mkuru wa Tinosa, Lawrence Daspit, anasendera pafupi, naima molunjika bwino pa nthiti ya comboco, naponya mabomba 9 limodzilimodzi, alikupenya. Onse anagunda, koma palibe limene linaphulika. Lotsiriza analisunga napita nalo ku Pearl Harbor kuti akalione. Kumeneko anaponya mabomba atatu pa thanthwe la cisumbu ca Kahoolawe. Awiri anaphulika, lacitatu ai, ndipo anthu olimba mtima anamira nalivuula. Pambuyo pace anatenga mitu yopanda wonga naigwetsa pa citsulo kucokera pa kreni, mapazi 90 m'mwamba. Mwa mitu 10 yogwa camutu, 7 inalephera. Kamsomali koyatsira kanali kupindika kasanafike pa malo ace, ndipo bomba logunda mwacindunji, limene oponya anaphunzitsidwa kuti ndilo labwino, ndilo linali kufa kawirikawiri. Anasula timisomali tina topepuka, bvuto linatha. Apa nkuti nkhondo itatha miyezi 21. Masitima omwewa pambuyo pace anamiza zoposa theka la zombo za katundu zimene Japan anataya, ndipo awa ndi Ajapani omwe aja amene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anakumana nao ku Burma mu 1944.

Ukonde, thanthwe ndi kreni ziyankha funso la kufanana. Funso la kangati liyankhidwa ndi masamu, ndipo masamu ace munthu ali yense angawatsate. Cida cimene cilephera theka la nthawi cingathe kupambana mayeso awiri otsatana kamodzi mwa kanai, monga ndarama yoponyedwa m'mwamba igwera mbali imodzi kawiri popanda wodabwa. Cida cimene cilephera kamodzi mwa khumi cidzapambana mayeso awiri nthawi 81 mwa 100. Cikayesedwa kakhumi, mwai wakuti cirema cace cisaoneke konse uli ngati 35 mwa 100. Kuti mwai wobisalawo utsike kufika pansi pa 10 mwa 100 pafunika mayeso 22 opanda kulephera ngakhale kumodzi. Kuti utsike pansi pa 5 mwa 100 pafunika 29. Ndipo amene afuna kunena kuti cida cace sicilephera koposa kamodzi mwa 100 ayenera kuciyesa ngati nthawi 300, cosalephera konse. Mabomba 300 a Mark 14 ndi madola 3,000,000 otayidwa m'nyanja, ndipo apa ndi pamene msungi wa cuma ndi msilikari ayambana. Cofunika kucizindikira ndi ici: masamu salonjeza kuti cida ncabwino. Angonena kukula kwa mwai wakuti woyesa wanyengedwa, ndipo akuru asankhe okha ngati mwai wotere angaubvomere.

Njira yocepetsa mtengo wa mayeso inapezeka m'nkhondo yomweyo. Mu 1942 boma la America linasonkhanitsa akatswiri a masamu pa Columbia University ku New York, m'bungwe lochedwa Statistical Research Group. Mkuru wina wa nkhondo ya pamadzi, Garret Schuyler, anadandaula kwa iwo kuti lamulo lakale linali kuchuliratu ciwerengero ca zipolopolo zoyenera kuombedwa, ndipo oyesa anali kuombabe kufikira zitakwana, ngakhale munthu wozolowera anaona kale pa ciyambi kuti cinthu ncoipa kapena ncabwino. Allen Wallis ndi Milton Friedman anatengera funsoli kwa Abraham Wald, Myuda wobadwira ku Cluj mu 1902, amene anathawa ku Vienna mu 1938. Mu 1943 Wald anapeza yankho. Woyesa alemba mizere iwiri pa pepala, wina pamwamba wina pansi. Akayesa cinthu cimodzi aika kadontho kosonyeza zolephera zonse kufikira pamenepo. Kadontho kakadumpha mzere wapamwamba, katundu yense akanidwa. Kakatsika pansi pa mzere wapansi, alandiridwa. Kakakhala pakati, ayesanso cimodzi. Katundu woipitsitsa ndi wabwino kwambiri adziwika msanga, wokayikitsa yekha ndiye adya nthawi. Njira iyi kawirikawiri ipulumutsa ngati theka la zinthu zoyesedwa, ndipo boma linaiwerengera yamtengo wapatali kotero kuti linaisunga mwacinsinsi kufikira 1945. Buku la Wald, Sequential Analysis, linaturuka mu 1947. Mwini wace anafa pa ngozi ya ndege m'mapiri a Nilgiri ku India mu December 1950.

Masiku ano zida zina zakwera mtengo kotero kuti ngakhale mayeso 22 sangatheke. Tsono akatswiri amanga cifaniziro ca cidaco m'kompyuta. Alembamo kulemera kwace, liwiro lace, mphepo, kutentha ndi macenjera a mdani, ndipo kompyuta imenya nkhondo yongoyerekeza kambirimbiri usiku umodzi, nthawi iri yonse isinthako pang'ono monga mwa maere. Dziko la America linaleka kuphulitsa mabomba a atomu oyesera mu September 1992, ndipo kuyambira pamenepo lidalira kwambiri zifaniziro zotere, zimene zilinganizidwa ndi zolembedwa za mayeso enieni oposa 1,000 a zaka zakale.

Koma cifaniziro ndi mutu wa madzi wa masiku ano. Cidziwa zokhazo zimene wocimanga anaziganizira. Cifaniziro ca Mark 14 comangidwa pa mabuku a ku Newport cikadamiza zombo zonse za Japan m'sabata imodzi, pakuti m'mabukumo munalibe kamsomali kopindika. Kuciyendetsa nthawi 1,000,000 sikucotsa bodza, kungolibwereza. Cifukwa cace cifaniziro naco ciyenera kuyesedwa, ndipo akatswiri asiyanitsa nchito ziwiri. Yoyamba ndi kuona ngati kompyuta iwerenga bwino masamu amene inapatsidwa. Yaciwiri, yobvuta koposa, ndi kuona ngati masamuwo afanana ndi dziko. Njira yoona mtima ndi yakuti cifaniziro cinenetu cimene cidzacitika, mau ace alembedwe, ndipo pambuyo pace cida ceniceni ciponyedwe. Zikasiyana, masamu aweruza ngati kusiyanako kuli kwa mwai cabe, monga zipolopolo ziwiri za mfuti imodzi sizigwa pa malo amodzi, kapena ngati kwakula kopitirira mwai. Kuyesa cifaniziro ndi ziwerengero zomwe zija anacimangira ndi kufunsa mwana wa sukulu mafunso amene anaona kale mayankho ace. Ndiponso cifaniziro cotsimikizidwa pa liwiro lina kapena nyengo ina sicinatsimikizidwe pa zonse. Kunja kwa malire amene cinayesedwa cingolota. Nyumba ya malamulo ya ku America inaphunzira izi mocedwa. Mu 1983 inakhazikitsa ofesi yoyesa zida yosalamulidwa ndi ozipanga, mu 1986 inalamula kuti zida zikuruzikuru ziziombedwa ndi zipolopolo zenizeni, ndipo inalembanso kuti zoturuka m'kompyuta zokha siziwerengedwa ngati mayeso a kubwalo.

Malire amene aiwalika kawirikawiri ndi a nthawi. Cida ca Patriot cinapangidwa kuti cizigwetsa ndege, cizisamuka kawirikawiri, ndi kuyaka maora owerengeka cabe. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991 cinapatsidwa nchito yochinga mizinga ya Scud ya dziko la Iraq, ndipo cinasiyidwa ciri ciyakire masiku ambiri. Koloko ya m'kompyuta yace inali kuwerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi, ndipo pa gawo liri lonse panali kutayika kanthu kakang'onong'ono kosaoneka pa mayeso afupi. Asilikari a ku Israel anaona pa 11 February kuti cikayaka maora 8 ciyamba kusokera, nadziwitsa eni ace, amene anayamba kukonza. Pa 25 February 1991, ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, Patriot wina anali atayaka maora ngati 100, ndipo koloko yace inali itasiyana ndi nthawi yoona ndi gawo limodzi mwa atatu a sekondi. Pa kamphindi kotere Scud ayenda mtunda woposa theka la kilomita. Makina anauona mzinga ulikubwera, anaufunanso pa malo olakwika, sanaupeze, ndipo anayesa kuti kulibe kanthu. Mzingawo unagwera nyumba yogonamo asilikari a ku America nupha anthu 28. Malangizo okonzedwa a kompyuta ija anafika ku Dhahran m'mawa mwace, pa 26 February.