Munda kapena mapuloti? Zimene taona m'midzi ya kwa Chiwala

M'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, tinapita kukachezera ophunzira athu akale m'midzi ya kwa Chiwala, m'boma la Masaiti, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Ndola. Pamudzi wina waung'ono tinapeza chinthu chimene kunalibe chaka chatha: zikhomo za simenti zitandandalika m'munda momwe munali mizere ya mbatata. Mwini munda anali atagulitsa, ndipo wogula anali atadula kale mapuloti.

Munda woyandikana nawo ndi wa mayi wina wamasiye amene anaphunzira kuno za ulimi wa ndiwo zamasamba. Amuna awo anachokera ku Katete, nagwira ntchito ya mumgodi zaka zambiri, ndipo itatha ntchitoyo anapempha malo kwa nyakwawa ya mudziwo. Atatilonjera, mayiwo anati: “Aphunzitsi, alamu anga akuti tigulitse malima awiri. Ndalama zimene zatchulidwa sindinazigwirepo chibadwire. Kodi ndikane?”

Funsoli ndi la mabanja ambiri ozungulira Ndola ndi Kitwe, ndipo sitingaliyankhe bwino tisanadziwe kumene malowa achokera.

Dziko lino eni ake ndi Alamba. Iwo ankalima mapira potema nkhalango ndi kutentha nthambi, ankasaka nyama ndi kufula uchi, ndipo monga Achewa, mtundu wawo umatsata kuchikazi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunafika amalonda Achiswahili ofuna minyanga ndi akapolo. Mtengo umene ankasonkhanapo mumzinda wa Ndola unadzatchedwa mtengo wa akapolo. Mu 1904 mzungu wina, John Edward Stephenson, amene anthu anamutcha Chirupula, anakhazikitsa boma pa Ndola, ndipo patangopita zaka zochepa njanji inafika pamgodi wa Bwana Mkubwa. Uthenga wa mpingo wathu unalowa m'chigawo chino mu 1917, pamene Samuel Konigmacher, amene anayamba watumikira ku Matandani m'dziko la Nyasaland, anatsegula mishoni ya Musofu.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi mkuwa. Kuyambira mu 1928 boma la atsamunda linapatula malo oti anthu akuda azikhalamo, ndipo midzi yambiri ya Alamba inasamutsidwa kuti malo a m'mbali mwa njanji atsalire migodi ndi mafamu a azungu. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936. Makolo a ambiri a ife anabwera nthawi imeneyo, kuchokera ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland, akuganiza kuti adzabwerera kwawo. Ambiri sanabwerere. Pamene kampani ya ZCCM inkachepetsa antchito m'zaka za m'ma 1990, mpaka migodi yake yaikulu inagulitsidwa mu 2000, mabanja ochuluka anatuluka m'makomboni kukapempha minda kwa mafumu a Alamba. Anailandira mwaulemu, popereka nkhuku kapena kandalama kochepa, popanda pepala lililonse. Nthawi imeneyo mawu a nyakwawa anali okwanira, chifukwa malo analipo ambiri ndipo panalibe wowalimbirana.

Lero zinthu zatembenuka. Pansi pa dera la Chiwala pali mwala wa laimu. Nyanja yaing'ono ya Chilengwa, imene alendo amadzaiona, inapangika pamene mwala umenewu unagumukira pansi. Mwala womwewo ndiwo unakopa fakitale ya simenti ya Dangote, imene inatsegulidwa mu 2015. Bwalo latsopano la ndege la Simon Mwansa Kapwepwe linatsegulidwa mu 2021 kumadzulo kwa Ndola, ndipo mu 2024 inayamba ntchito yokulitsa msewu wochokera ku Lusaka. Chilichonse mwa zimenezi chimabweretsa antchito ofuna pogona, amalori ofuna poimika ndi amalonda ofuna pomanga. Choncho munda umene kale unkayezedwa ndi matumba a chimanga tsopano ukuyezedwa ndi mamita.

Apa m'pofunika kudziwa lamulo. M'dziko la Zambia malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo ali m'magulu awiri: malo a boma ndi malo a mafumu. Lamulo la malo la 1975 linkati nthaka yopanda chitukuko ilibe mtengo wogulitsira. Lamulo la 1995 linasintha zimenezo, ndipo linalola kuti munthu amene ali pamalo a mafumu apemphe tayitolo ya zaka zosapitirira 99. Kuti zitheke, mfumu ya dera iyenera kuvomereza polemba, khonsolo iyenera kuvomerezanso, oyeza malo ayenera kuika malire, kenako nkhani imapita kwa Commissioner of Lands. Kalata ya nyakwawa yokha si tayitolo. Ndipo malo akatuluka m'manja mwa mfumu n'kukhala a tayitolo, mwini amayamba kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka, ndipo achibale amene ankatola nkhuni kapena bowa pamenepo alibenso mawu.

Pali mfundo ina imene amayi amasiye ayenera kuimvetsa. Lamulo la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20, makolo magawo 20, ndi ena amene ankadalira malemuyo magawo 10. Koma lamuloli silikhudza malo a mafumu. Amenewo amatsata mwambo, ndipo mwambo wa kuchikazi ukhoza kupatsa mphamvu adzukulu ndi abale a mwamuna kuposa mkazi amene analima mundawo zaka makumi awiri. N'chifukwa chake mawu a alamu aja anali olemera.

Tsopano tiwerengere pamodzi monga alimi. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala. Mapuloti a mamita 20 ndi 30 angatulukemo anayi, ndipo mukachotsapo njira amatsala atatu. Wogula amene akukupatsani mtengo wa munda adzagulitsa pamtengo wa mapuloti, ndipo kusiyana kwake ndiko phindu lake. Ndalama imene mwalandira imabwera kamodzi. Taona mabanja amene anagula malata, njinga yamoto ndi wailesi ya kanema, ndipo zisanathe zaka zitatu anali kulima maganyu m'munda womwe unali wawo.

Komabe tisanamizane: munda wosabereka ndi wovuta kuuteteza. Kuno mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka, ndipo imatsuka chonde n'kusiya nthaka yowawasa. M'nthaka yotere feteleza sagwira bwino ntchito, mizu ya chimanga imafupika, ndipo mlimi amatopa n'kuyamba kumvera wogula. Mankhwala ake ali pansi pa mapazi athu: laimu wa m'munda, wothiridwa mvula isanayambe, muyeso wake utadziwika poyezetsa nthaka kudzera kwa alangizi a zaulimi. Onjezanipo manyowa, kasinthasintha wa chimanga ndi soya kapena nyemba, ndi kuleka kutentha mapesi. Amene ali pafupi ndi dambo ali ndi mwayi woposa: matimati, repu, kabichi ndi anyezi za m'chilimwe zili ndi msika ku Masala mu Ndola, ku Chisokone mu Kitwe, ngakhalenso kumalire a Kasumbalesa. Tauni imene ikufuna kumeza munda wanu ndi yomweyo imene ikufuna ndiwo tsiku ndi tsiku. Kuyandikira kwake kungakhale chuma cha mlimi amene wakhala, osati cha wogula yekha.

Sitikunena kuti kugulitsa ndi tchimo. Pali matenda, pali sukulu ya ana, ndipo pali malo amiyala amene ndi bwino kumangapo kusiyana ndi kulimapo. Ngakhale Naboti wa m'Malemba sanakane munda wake chifukwa cha mtengo wochepa, koma chifukwa anadziwa kuti unali cholowa chimene anangosungitsidwa. Mdindo amayamba wafunsa kuti chinthucho n'cha yani ndipo chidzadyetsa yani mawa.

Malangizo athu ndi awa. Yendani m'malire a munda wanu pamodzi ndi nyakwawa ndi anansi, mubzalemo mitengo yokhalitsa, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa ndi mboni. Amuna, lembetsani dzina la akazi anu pamodzi ndi lanu mukadali moyo, ndipo lembani wilo. Musasaine pepala limene simunaliwerenge, kapena limene sanakuwerengereni munthu wanu. Wobwera ndi ndalama m'manja, akufulumiza kuti zonse zithe lero, muuzeni abwerenso sabata yamawa. Safunsa anadya phula. Ngati kugulitsa n'kosapeweka, gulitsani chigawo chosabereka, sungani cha kumadzi, ndipo ndalamayo ilowe m'chinthu chobala monga chitsime, pampu kapena khola la nkhuku. Ganiziraninso zobwereketsa malo kwa nyengo yodziwika m'malo mogulitsiratu.

Mayi aja sitinawauze kuti akane kapena avomere. Tinakhala nawo pansi pa mtengo wa mango n'kuwerengera zimene dimba lawo linawapatsa m'chilimwe chapitachi, ndi zimene lingawapatse atathira laimu ndi kukumba chitsime chachiwiri. Atamaliza anati: “Ndiyambe ndaonana ndi a nyakwawa, ana anga ali pomwepo, alamu anganso ali pomwepo.” Pamene tikulemba nkhaniyi, msonkhanowo sunachitike, ndipo wogula akubwerabe. Tiwakumbukire m'mapemphero. Ophunzira onse amene ali ndi nkhani yofanana abwere ndi mapepala awo ku maphunziro a mwezi wamawa, kuti tidzawaone pamodzi tisanapite kumunda wachitsanzo.